Mai Cicely Saunders, dotolo amene sanathawe odwala osacira

M'maiko a kutsidya kwa nyanja muli mtsutso umene sukutha. Funso lake ndi ili: ngati munthu wadwala matenda amene madotolo aona kuti sadzacira, ndipo iye mwini wapempha, kodi dotolo angamupatse mankhwala oti afe msanga? Ku Netherlands ndi ku Belgium lamulo linavomereza zimenezi mu 2002, ndipo ku Canada mu 2016. Kuno ku Zambia lamulo sililola, ndipo wothandiza mnzake kudzipha amakhala ndi mlandu waukulu.

Ena a ife tingati iyi ndi nkhani ya azungu. Koma mau amene amayambitsa mtsutsowu timawamva m'nyumba zathu zomwe, kuno ku Marapodi, ku Mandevu, ku Chaisa ndi m'makomboni ena. Amene tinadwazikapo kholo kapena mnzathu wa m'banja kwa miyezi yambiri tikuudziwa usiku uja umene wodwala amanena kuti watopa, kuti akungotha ndalama za ana a sukulu, kuti bwenzi Mulungu atangomutenga. Nthawi zambiri timamudzudzula kuti asalankhule conco, kapena timatuluka panja kukalira. Lero tikufuna tione moyo wa mai wina wa ku England amene anamva mau otere kwa zaka zoposa 50, ndi yankho limene anapereka. Dzina lao ndi Cicely Saunders.

Ubwana ndi maitanidwe

Mai Saunders anabadwa pa 22 June 1918 ku Barnet, kumpoto kwa London, m'banja lopeza bwino. Atate ao anali ndi bizinesi yogulitsa nyumba ndi malo. Pa sukulu ya atsikana ya Roedean anali mwana wamtali, wamanyazi, wosowa anzake, ndipo msana unali kuwavuta kuyambira ali ang'ono. Mu 1938 analowa ku Oxford kukaphunzira za ndale ndi za cuma. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itabuka anasiya maphunzirowo, ndipo mu 1940 anayamba kuphunzira unamwino pa cipatala ca St Thomas' ku London. Nchitoyo anaikonda kwambiri, koma msana unakana. Mu 1944, atangomaliza maphunziro, anauzidwa kuti sangapitirize kunyamula odwala. Anabwerera ku Oxford, ndipo mu 1947 anayamba nchito ina ya m'cipatala, yothandiza odwala pa mavuto a kunyumba ndi a ndalama.

M'zaka zomwezo, mu 1945, ali pa holide ku Cornwall pamodzi ndi anzao opemphera, anatembenuka mtima nalandira Khristu. Anayamba kusonkhana ku All Souls, mpingo wa Anglican wa ku London. Kuyambira pamenepo anali kufunsa Mulungu nchito imene anawaitanira. Yankho linacedwa zaka zitatu, ndipo linabwera kudzera mwa munthu amene sanali Mkhristu.

Mapaundi 500 ndi windo

Munthuyo anali David Tasma, Myuda wocokera ku Warsaw ku Poland, amene anali kugwira nchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ku London. Anali ndi zaka 40, anali ndi khansa imene madotolo sakanatha kuicotsa, ndipo analibe wacibale pafupi. Iye anali kuona ngati moyo wake wapita pacabe. Kuciyambi kwa 1948 anagonekedwa pa cipatala ca Archway, ndipo Mai Saunders anali kumuyendera kawirikawiri. Anakambirana za nyumba imene munthu ngati iye angafere mwamtendere, yosiyana ndi wodi yaphokoso imene anali kugonamo. Tsiku lina atafuna kumuwerengera mau otonthoza, iye anawayankha kuti akungofuna zimene zili m'mutu mwao ndi mumtima mwao. Mau amenewo anawasunga moyo wao wonse: wodwala afunika nzeru zonse za udotolo pamodzi ndi cikondi ca mumtima, cimodzi cokha sicikwanira.

David Tasma anamwalira mu February 1948. Anawasiyira mapaundi 500, nanena kuti ndalamazo zidzakhale windo m'nyumba imene adzamange. Panapita zaka 19 nyumbayo isanamangidwe.

Mankhwala oyendera wochi

Masiku amenewo, ngakhale m'zipatala zazikulu za ku London, wodwala amene waoneka kuti sadzacira anali kukankhidwira kumapeto kwa wodi. Madotolo anali kudutsa pa bedi yake mofulumira, poti analibe conena. Mankhwala amphamvu oletsa kupweteka ochedwa morphine anali kuperekedwa pokhapokha wodwala atayamba kubuula, cifukwa anali kuopa kuti angazolowere mankhwalawo.

Madzulo akaweruka, Mai Saunders anali kukathandiza mwaulere ku St Luke's, nyumba ya odwala osauka amene anali pafupi kumwalira. Kumeneko anaona anamwino akucita zosiyana. Anali kumwetsa odwala morphine pa nthawi yoikika, ululu usanabwerere. Odwalawo anali maso, akuceza, osabuula. Dotolo wa maopaleshoni amene anali kugwira naye nchito, Norman Barrett, anawauza kuti amene amathawa anthu akufa ndi madotolo, ndipo madotolo sadzamvera namwino. Ngati afuna kusintha zinthu, akaphunzire udotolo. Motero mu 1951, ali ndi zaka 33, anakhala pa desiki pamodzi ndi acinyamata ongocoka kumene ku sekondale, ndipo anamaliza mu 1957.

Mu 1958 anayamba nchito ku St Joseph's Hospice ku Hackney, dera la anthu osauka kum'mawa kwa London. Nyumbayo inali ya masisitere a Katolika ocokera ku Ireland, koma kusiyana kwa mipingo sikunawalepheretse kugwirira pamodzi kwa zaka 7. Anakhazikitsa zoti mankhwala aziperekedwa pa maola 4 alionse, pa mlingo woyenera munthu aliyense. Analemba mbiri ya odwala 1,100, najambula mau a ena mwa iwo pa tepi kuti madotolo adzimvere okha. Cimene anapeza ndi ici: munthu amene akudikira kuti ululu ubwerere amakhala ndi mantha, manthawo amakulitsa ululu, ndipo ululu ukakula umafuna mankhwala ambiri kuti utsike. Koma akamwa pa nthawi yake, mlingo wocepa umakwanira, mutu umagwira bwino, ndipo sakhala kapolo wa mankhwalawo monga anthu anali kuopera.

Ululu wa munthu yense

Tsiku lina anafunsa mai wina wodwala kuti pakupweteka ndi pati. Maiyo anati kupweteka kunayambira kumsana, koma tsopano zonse za iye zasokonekera. Ananena za mwamuna wake ndi mwana wake amene akanataya malipiro akadajomba kunchito kuti amusamale. Ananenanso kuti anali kuona ngati dziko lonse lamuukira. Pa kucokera m'mayankho otere, Mai Saunders analemba mu 1964 kuti ululu wa munthu amene ali pafupi kumwalira uli ndi mbali zinai zolukana: thupi, maganizo, za banja ndi ndalama, ndi za mzimu.

Ife a m'komboni sitifunika kutanthauziridwa zimenezi. Tate wogona pa mphasa amamva cotupa, inde, koma amamvanso mwini nyumba akugogoda kufuna lendi. Amawerenga ndalama za minibasi zopitira ku UTH. Amadzifunsa ngati acibale ake sadzalanda katundu kwa mkazi wake iye akapita. Amadzifunsa ngati walodzedwa, kapena ngati Mulungu akumulanga. Jekeseni yokha singacotse zonsezi, ndipo pemphero lokha, wodwala akubuula ndi ululu umene mankhwala akanauletsa, silikwaniritsa udindo wathu.

Cifukwa cimene anakanira

Ku Britain bungwe lofuna kuti lamulo lilole madotolo kufupikitsa moyo wa wodwala wopempha linayamba mu 1935. Nkhaniyi inakambidwa ku nyumba ya malamulo ya House of Lords mu 1936, mu 1969 ndi mu 1976, ndipo nthawi zonsezo inakanidwa. Tisaganize kuti ofuna lamulolo anali anthu ankhanza. Ambiri anaona makolo ao akufa imfa yowawa, ndipo sanafune kuti wina aonenso zotere. Mai Saunders anali kudziwa zimenezi, ndipo anali kukambirana nao mwaulemu. Koma anakana maganizo ao kuyambira pa nkhani zimene analemba m'magazini ya anamwino ya Nursing Times mu 1959 mpaka ukalamba wao. Analinso m'gulu limene linalemba lipoti la mpingo wa Anglican pa nkhaniyi mu 1975.

Cifukwa cao coyamba cinacokera pa bedi ya odwala. Anaona kuti munthu akamapempha imfa, kawirikawiri akutiuza kuti pali cina cimene cikumupweteka cimene sitinacisamale: ululu, kusanza, kubanika, kusungulumwa, kapena kudziona ngati katundu. Zimenezi zikasamalidwa, ambiri sabwerezanso pempholo. Motero pempho lotere lifunika kulimvetsera, osati kulidzudzula, koma yankho lake ndi cisamaliro.

Caciwiri cinali kudera nkhawa ofooka. Anacenjeza kuti lamulo likapatsa munthu ufulu wopempha imfa, okalamba, osauka ndi olemala adzayamba kuona ngati ndi udindo wao kupempha, kuti apeputse acibale. Palibe amene angafunike kuwauza. Adzangoona nkhope zotopa za ana ao. Tiganize m'mene cenjezo limeneli lingalemerere m'nyumba ya zipinda ziwiri imene anthu onse amadalira kantemba kamodzi.

Cacitatu cinali cikhulupiriro cao. Anali kukhulupirira kuti moyo ndi mphatso ya Mulungu, ndi kuti mtengo wa munthu sucepa cifukwa sangathenso kugwira nchito kapena kudzisambitsa yekha. Anaona ndi maso ao kuti masabata otsiriza si nthawi yacabe. M'masabata amenewo anthu amakhululukirana, amatsanzikana, amakonza za ana, ndipo ena amabwerera kwa Mulungu.

Koma tisawamve molakwa. Mai Saunders sanaphunzitse kuti moyo uzikokedwa ndi makina ndi maopaleshoni ngakhale thupi latha. Anasiyanitsa kupha munthu ndi kumulola kuti afe nthawi yake ikafika. Kusiya cithandizo cimene cikungozunza wodwala popanda phindu, dotolo, wodwala ndi banja atagwirizana, si kupha. Kupatsa munthu morphine pa mlingo woletsa ululu si kupha. Anavomerezanso kuti pali ululu wina wovuta kuugonjetsa, ndipo n'cifukwa cake sanasiye kufufuza.

Iwo eni anali kuidziwa imfa kuti ndi yowawa. Mu 1960 anakondana ndi wodwala wina wa ku St Joseph's, Antoni Michniewicz, nayenso wa ku Poland, ndipo anamwalira caka comweco. Mu 1961 atate ao anamwalira. Cisoni cinawagwira kwa nthawi yaitali. Zimene anali kuuza ofedwa sizinali za m'buku.

Nyumba ya St Christopher's

Mu June 1959, powerenga Salimo 37 pa mapemphero ao a m'mawa, anatsimikiza kuti nthawi yoyamba kumanga yafika. Analemba mapulani, nayamba kupempha ndalama kwa mabungwe, mipingo ndi anthu wamba. Patapita zaka 8, mu July 1967, St Christopher's Hospice inatsegulidwa ku Sydenham, kum'mwera kwa London, ndi mabedi 54. Pafupi ndi khomo anaikapo windo ya David Tasma.

Nyumbayo inali yacilendo pa nthawiyo. Acibale anali kukhala ndi wodwala wao nthawi yaitali, ana anali kuloledwa kulowa, ndipo wodwala anali kufunsidwa cimene iye akufuna. Maziko ake anali Acikhristu, koma anali kulandira munthu wa cipembedzo ciliconse ndi wosapembedza yemwe, popanda kumukakamiza. Inalinso sukulu ndi malo ofufuzira. Dotolo Robert Twycross anayesa kumeneko mankhwala osiyanasiyana napeza kuti morphine wakumwa, wosasakaniza ndi zina zambiri, amagwira bwino nchito. Mu 1969 anayamba kutumiza anamwino kumanyumba, poona kuti anthu ambiri amafuna kufera pakhomo pao. Pambuyo pake anayamba kuyendera ofedwa maliro atatha.

Nchitoyi inafalikira. Ku America hospice yoyamba inayamba ku Connecticut mu 1974. Mu Africa yoyamba inali Island Hospice ku Harare mu 1979, kenaka Nairobi Hospice mu 1990. Mu 1993 Dotolo Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda, kumene anali kusungunula morphine wa ufa m'madzi kuti akhale wochipa, woti wodwala angamwere kunyumba. Bungwe la za umoyo la WHO linafalitsa mu 1986 malangizo oletsera ululu wa khansa amene anatsata njira yomweyi yomwa mankhwala pa nthawi yoikika.

Kuno kwathu tinaiona nchito yotere m'zaka zowawa za Edzi, ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere. Kunatsegulidwa Jon Hospice ku Kamwala, Our Lady's Hospice ku Kalingalinga ndi Mother of Mercy Hospice ku Chilanga. Azimai a mipingo anali kuyenda m'makomboni ndi beseni, sopo ndi phala, kusambitsa anthu amene ena anali kuopa kuwakhudza. Ambiri mwa azimaiwo sanamvepo dzina la Cicely Saunders, koma anali kugwira nchito yomweyo.

Masiku ao otsiriza

Mu 1980, ali ndi zaka 61, anakwatiwa ndi Marian Bohusz-Szyszko, katswiri wojambula zithunzi wa ku Poland, amene zithunzi zake zinali pa zipupa za St Christopher's. Mu 1981 analandira mphoto ya Templeton, ndipo mu 1989 Mfumukazi Elizabeth inawapatsa ulemu wa Order of Merit. Amuna ao atadwala anawasamala mpaka anamwalira mu 1995, m'nyumba yomwe ija. Pambuyo pake iwonso anadwala khansa ya m'mawere. Anamwalira pa 14 July 2005 ali ndi zaka 87, pa bedi ya St Christopher's, akusamalidwa monga anaphunzitsira ena.

Nanga ife?

Abale ndi alongo, kunena kuti ai, Mkhristu safupikitsa moyo, n'kosavuta. Mai Saunders anadziwa kuti wonena ai ameneyu ali ndi ngongole kwa wodwala. Ngati tamuuza kuti adikire nthawi ya Mulungu, tiyenera kudikira naye. Kuno kulibe dotolo amene adzabaya munthu jekeseni yomupha, koma pali njira zina zimene wodwala amafera asanafe: kumutsekera kucipinda ca kumbuyo, kusiya kumuyendera cifukwa ca fungo la bala, kumutumiza kumudzi popanda mankhwala kuti maliro adzachipe, kapena kumuuza kuti sakucira cifukwa cikhulupiriro cake n'cocepa.

Tiyambe ndi ululu. Kubuula usiku wonse si cizindikiro ca kulimba m'cikhulupiriro. Wodwala wathu akamamva kupweteka, tinene ku kiliniki kapena ku cipatala, ndipo mankhwala oyamba akalephera tibwererenso. Amene akuthandizidwa ku Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH, afunse za cithandizo coletsa ululu asanatuluke. Dotolo akalemba morphine tisaope kuti wafuna kumaliza munthu wathu. Timumwetse pa nthawi yake, pa mlingo umene walembedwa, osaonjezera kapena kucepetsa mwa ife tokha, ndipo tisunge botolo patali ndi ana. Kumene mankhwalawa akusowa, mipingo ili ndi pakamwa. Zipatala zathu za mishoni zili pamodzi m'bungwe la CHAZ kuyambira 1970, ndipo kupempha kuti osauka asafe akubuula ndi nchito ya uthenga wabwino.

Wodwala akanena kuti afuna kufa, tisamutseke pakamwa. Tikhale pansi, timufunse cimene cikumuvuta koposa, ndipo tidziwitse namwino kapena abusa. Mwina ndi ululu, mwina ndi ngongole, mwina ndi mwana amene sanalankhulane naye zaka zambiri. Akafunsa zoona za matenda ake tisamunamize, pakuti wonamizidwa amafa yekha ngakhale nyumba itadzaza. Timuthandize kulemba wilo, kuti mkazi ndi ana asadzavutike, ndi kuitana amene afuna kukhululukirana nao. Dotolo akanena kuti cithandizo cina sicingathandizenso, kubwerera kunyumba si kutaya cikhulupiriro. Koma zimenezi n'zosiyana kotheratu ndi aja amauza anthu kuti ataye ma ARV kapena mankhwala ena poti apemphereredwa. Amenewo tiwakane.

Tidzifunsenso za maliro athu. Munthu akamwalira, mpingo umabwera ndi matumba a unga, malasha, tenti, kwaya, ndi basi yopita ku Chingwere. Izi n'zabwino ndipo tisasiye. Koma pa miyezi isanu imene munthuyo anali cigonere, ndi angati a ife amene anafika? Gawo lina la unga ndi malasha amenewo likanafika iye akali moyo, sakanadziona ngati katundu. Tikupempha madera a mipingo yathu, azimai a Cigwirizano ndi a Mvano, madoda ndi acinyamata, kuti alembe maina a odwala a nthawi yaitali m'dera lao ndi kugawana masiku. Wina atunge madzi, wina acape zofunda, wina alipire minibasi, wina agone kumeneko usiku umodzi kuti wodwazika nayenso apume. Caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe.

Mai Saunders anali kukonda kukumbutsa anchito ao za m'munda wa Getsemane. Usiku uja Ambuye wathu sanapemphe ophunzira ake kuti amucotsere cikho, pakuti sakanatha. Sanawapemphe kuti amufotokozere cifukwa ca masautso. Anangowapempha kuti akhale maso pamodzi naye, ndipo iwo anagona. M'nyumba zina za kuno ku Marapodi muli anthu amene akupempha comweco usiku uno. Ambuye atipatse mphamvu kuti tikapezeke tili maso pambali pao.